Kulira kwa M'balani

Wonder anakana kulira kwa Selestina kudzera mu uthenga wamawu waufupi, kumbuyo kwake kukumveka mahwindi akuitanira anthu m'makombi a ku Ruwa. Anati mizere ina yonse ya m'sewero ili bwino, koma kulirako ayi. Kunali kulira kwa munthu amene akuopa kudzutsa mwana.

Sananame. Selestina anajambula kulirako atadzifunditsa mabulangete pakona pa chipinda, mwana wake Rudo ali m'tulo pamphasa, apongozi ake akutsokomola kuseri kwa khoma. M'komboni ya papulazi khoma ndi dzina chabe. Munthu akayetsemula m'nyumba yoyamba, wa kumapeto kwa mzere amadziwa kuti chimfine chalowa. Ndiye maliro ungawalire bwanji monong'ona?

Wonderyo Selestina anali asanamuonepo ndi maso. Anali bambo wachinyamata wa ku Ruwa, mdzukulu wa anthu ochokera ku Malawi ngati ambiri a m'mapulazi, ndipo ankapanga masewero omvera pafoni. Ankalemba nkhani, n'kugawira anthu mizere pa Watsapu kuti aliyense ajambule mawu ake komwe ali, iye n'kulumikiza zidutswazo pa laputopu, n'kuwonjezera mvula, zitseko ndi agalu. Masewerowo ankayenda m'mafoni kuzungulira mapulazi a ku Marondera, anthu n'kumamvera akusoka fodya. Atalengeza kuti akufuna mayi wodziwa Chichewa, Selestina anatumiza mawu ake, ndipo anapatsidwa mbali ya Munira, mkazi amene mwamuna wake Bakari amafa pangozi ya lole.

Mbali imeneyi sankafuna kuti imupulumuke. Sukulu anaisiyira Fomu 2 atatenga mimba ya Rudo, koma asanasiye, ndiye ankasankhidwa kuwerenga mokweza kukabwera alendo. Kuchokera pamenepo panalibe amene anafunanso mawu ake, kupatula poingitsa nkhuku ndi poyankha foromani akamaitana mayina m'mawa. Tsopano kunali munthu ku Ruwa amene ankawamvetsera mpaka kupuma kwake.

Zonse anaziphunzira m'mauthenga a Wonder. Foni uiveke sokosi kuti mpweya usaimenye. Italikire pakamwa ndi chikhatho chimodzi, ndipo uyankhulire chapambali, osati molunjika. Netiweki uzimitse, uthenga ungalowe pakati. Usanayambe ukhale chete pang'ono kuti chipinda chimveke chokha. Ndolo zolira uvule, pepala usagwire. Mizere ankailoweza manja ali pa fodya, milomo ikugwedera, mpaka Safia, mnzake wa m'shedi, anamufunsa ngati walowa tchalitchi chatsopano.

Uthenga wa Wonder unali ndi mchira. Kulira koona kukapanda kufika pofika Lamlungu, Munira amupereka kwa mtsikana wina wa ku Chitungwiza amene anali ndi maikolofoni yeniyeni, ngakhale Chichewa chake chinkamveka ngati akutafuna mbatata yotentha.

"Lirani mmene mumalirira kwanuko pamaliro, sisi," anatero pomaliza. "Ganizirani munthu wanu."

Munthu wake anali Gray, mwamuna wake. Anali kuseri kwa phiri la Wedza ndi makorokoza anzake, akukumba golide m'maenje. Unali mwezi wa February, dothi litakhuta madzi, ndipo mbiri za maenje okwirira anthu zinkabwera ndi kombi iliyonse. Foni ya Gray inkatha masiku ili chozima. Amayi Emelia, apongozi ake a Selestina, tsiku lililonse ankafunsa ngati waimba, ndipo akamva kuti ayi, ankangoyang'ana mapazi awo otupa. Pa ana awo onse anatsala ndi Gray yekha. Ena anagona kumanda a papulazi, kuseri kwa mabulugama.

Malo olirira Selestina anawapeza akuchokera kumjigo. Kupitirira komboni kunali mabalani akale aatali oumitsira fodya, a nthawi ya mzungu, amene mwini pulazi watsopano sankawagwiritsa ntchito. Analowa mu imodzi. Munkanunkha mileme ndi utsi wakalekale. Anagogoda khoma, n'kumva kuti ndi lochindikala ngati la ndende. Anawomba m'manja monga Wonder anamuphunzitsira, ndipo phokoso linabwerera kangapo. Zimenezo ankadziwa mankhwala ake. Anatola masaka ong'ambika kuseri kwa shedi, n'kuwapachika pa mitengo ya m'munsi yoyanikira fodya, mpaka anapanga kachipinda kongokwana munthu woimirira. Anawombanso m'manja. Phokoso linafera pomwepo. Anayang'ana makoma, anayang'ana chitseko, anayang'ana pansi ngati pali njoka. Kumwamba sanayang'ane.

Loweruka kunacha kopanda mvula. Kwa a Estevao, foromani, ananena kuti m'mimba mwamuvuta. Kwa apongozi ananena kuti akukatola nkhuni, n'kuwasiyira Rudo. Anthu onse anali kumunda wa kumtunda akuthyola fodya, thirakitala ikudikira kumapeto kwa mizere.

Anamangirira sokosi ya foni pamtengo, molingana ndi pakamwa, kuti manja akhale omasuka. Anazimitsa netiweki, anayatsa chojambulira, anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Bakari, mwandisiya ndi yani?" ndipo anadzimva yekha kuti akunama. Anayesanso. Mawu ankakwera bwino, koma anali a mwana wasukulu wowerengera alendo. Bakari anali ndani kwa iye? Dzina la pafoni.

Ndiye anachita zimene Wonder ananena. Anatseka maso n'kuona majombo a Gray, odzaza dothi lofiira, ndi tochi ija ankaimangirira pachipumi ndi mphira. Anaona mmene amabweretsera anthu a m'maenje: kumbuyo kwa lole, m'bulangete la mwini wake, mapazi atatulukira. Anaona amuna akuvula zipewa. Manja ake anakwera okha n'kukagwira kumutu, monga amachitira amayi a m'komboni uthenga ukafika, ndipo mfuu yoyamba ija, yaitali, yong'amba kukhosi, inatuluka isanamupemphe.

"Mayo ine! Bambo a Rudo ine! Gray, mwandisiya ndi yani?"

Anamva kuti dzina lalakwika. Sanaleke. Zinali zikutheka tsopano, misozi ikutsika yeniyeni, ndipo kwinakwake m'mutu mwake kamunthu kochenjera kankati dzinalo Wonder adula, chofunika ndi kulirako. Anapitiriza. Analira za mwana wotsala, za nyumba ya papulazi imene adzamulanda, za nsapato zimene Gray analonjeza.

Chimene sanaone n'chakuti balani ya fodya ili ndi mazenera kudenga otulutsira nthunzi, ndipo zotsekera zake anthu anazula kalekale n'kukapangira makola a nkhuku. Makoma anagwiradi mawu ake, koma anawakweza m'mwamba ngati utsi, n'kuwamwaza pamwamba pa komboni mpaka kumunda wa kumtunda.

Papulazi mfuu ya mkazi masana saifunsa. Amene wanyamula fodya amatula pomwepo, amene ali ndi khasu amaligwetsa, onse n'kulunjika kumene ikuchokera. Ndipo mfuu iyi inali ndi dzina.

Oyamba kufika anali amayi Emelia, poti komboni ndiyo inali pafupi. Mapazi aja ankalephera kufika kumjigo, koma tsiku limenelo anathamanga, opanda nsapato, opanda duku, Rudo akulendewera kumbuyo. Anagwa chogwada pakhomo la balani. Kulira kwawo sikunakwere m'mwamba ngati kwa Selestina. Kunachokera pansi, kokhuthala, kodukaduka, ngati chinthu chikukokedwa pamiyala. Anaitana Gray kamodzi kokha. Kenako anayamba kuitana ana awo amene anatsogola.

"Yesaya, Anesi, dzukani mulandire mng'ono wanu. Ndamaliza ine. Ndakupatsani onse."

Selestina anauma m'kati mwa masaka. Anatenga nthawi asanakankhe saka n'kutuluka, nkhope ili chinyowere. Anagwada, anawagwira mapewa, n'kunena kuti ndi sewero, Gray sanafe, palibe uthenga wabwera. Mawuwo sankalowa. Anachita kuwagwedeza ngati munthu wokomoka, akubwereza kuti ndi sewero, amayi, ndi la pafoni. Rudo anali atayamba kale kukuwa. Pamene amayi Emelia ankadzutsa mutu, khomo linali litadzaza anthu, amuna zipewa zili m'manja, akazi ena atayamba kale kulira.

Wina anaseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. Sikunakhalitse. A Estevao analowa, anayang'ana masaka, anayang'ana sokosi ikulendewera, kenako analoza kudenga n'kufunsa ngati mwana wobadwira papulazi la fodya sadziwa kuti balani imapuma. Anati fodya yense wothyoledwa m'mawawo ali padzuwa, akufota, ndipo akafunsidwa ndi abwana atchula dzina, sabisa. Anafunsanso ngati m'mimba muja mwapola. Akazi achikulire sanalankhule za fodya. Anati kulira munthu wamoyo ndi kumuitanira manda, ndipo mkazi amene walira mwamuna wake ali m'dzenje amadziwa chimene akufuna. Safia yekha ndiye anamasula sokosi pamtengo n'kumupatsira m'manja mobisa. Foni inali ikujambulabe.

Amayi Emelia sanatukwane. Anamasula Rudo, anamupereka kwa mayi wake, n'kubwerera kunyumba atatsamira pa akazi awiri. Madzulo dzuwa lisanalowe, Selestina atawapititsira sadza, sanayang'ane mbale. Anafunsa ngati chinthucho chinagwira mawu awo. Selestina anati mwina.

"Mufufute, amake Rudo. Ana anga si a pafoni."

Anayankha kuti afufuta.

Gray anaimba Lamlungu m'mawa, mbiri itamupeza kudzera kwa mlamu wa a Estevao. Sanapereke moni. Anati wamva kuti anamuika kale, ndiye amafuna kudziwa ngati bokosi linali labwino. Anati anzake amukaniza kutsika m'dzenje, akuti munthu woliridwa amakoka dothi, ndipo tsopano akungokhala pamwamba kuphikira anthu tiyi ngati mkazi wolembedwa ganyu. Selestina anayamba kufotokoza za Munira, koma foni inali itaduka.

Anakwera pachulu cha pafupi ndi thanki, pamene netiweki imagwira, n'kuvala mahedifoni. Kulira kwake kunali kwabwino. Anadzimvera yekha ngati akumva munthu wina, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse. Anali atachipeza. Koma kunali kolumikizana ndi kwa apongozi m'chojambula chimodzi, ndipo kudula mawu Wonder anali asanamuphunzitse. Kufufuta kunali kufufuta zonse. Kukalira kachiwiri kunalibe, pokhapokha atafuna kuthamangitsidwa papulazi. Anatumiza chonsecho, n'kulemba kuti atenge koyambako, adule dzina la Gray, ndipo zonse za kumapeto azitaye chifukwa zinalowa mwangozi.

Yankho linabwera asanatsike pachulu. Wonder ankalankhula mothamanga. Anati koyambako ndi kwabwino, sisi, akanakutenga, koma kwachiwiriko kwamuchititsa tsembwe thupi lonse, wamvera akuyenda mumsewu mpaka waima. Selestina analemba kuti amenewo ndi apongozi ake, ndipo sankasewera. Wonder anati n'chifukwa chake. Anati polira munthu alibe zaka, mawuwo angowakweza pang'ono, ndipo aliyense adzati ndi Munira. Kenako anafewetsa mawu. Anati iye akufuna kuti mbaliyi ikhale ya Selestina mpaka sewero lithe, koma wa ku Chitungwiza uja akumuvutitsa tsiku ndi tsiku, ndipo iye ayenera kutulutsa chimene chili chabwino koposa.

Selestina anakhala pachulupo, nyerere zikumukwera m'miyendo. Anaganiza kuti dzina lake laipa kale. Gray wakwiya kale. A Estevao amuneneza kale. Zonsezo zinali zitachitika, ndipo akakana, zikhala kuti zachitika pachabe.

Analemba kuti achite, koma mayina a ana aja awachotse.

Wonder anati ayesa.

Kunyumba anauza apongozi kuti wafufuta, n'kuwaonetsa foni. M'foni munalibedi kanthu.

Gawolo linatuluka pakati pa sabata. Linafikira m'shedi, pa foni ya Safia imene inali itatsamira pa chitini cha madzi, akazi akusoka fodya mozungulira. Anamva Munira akulandira alendo, ndipo ena anamugunda Selestina ndi chigongono, akuseka, akuti tamumvani mkazi wa Bakari. Anamva apolisi akugogoda. Kenako kunabwera kulira. Wonder anali atakukweza pang'ono, ataikanso mvula kumbuyo, koma panalibe munthu m'shedimo amene akanasokonezeka. Dzina la Gray linalibemo. Yesaya ndi Anesi analimo. Mayinawo anali pakatikati pa kulira, opanda podulira, ndiye Wonder anawonjezera mzere wa munthu wina m'sewerolo wonena kuti Munira anataya kale ana awiri.

Manja onse anaima. Mayi wina amene anasambitsa nawo mtembo wa Anesi anadzuka n'kutuluka panja. Safia anazimitsa foni osayang'ana mnzake.

M'gulu la pa Watsapu anthu ankayamikira. A ku Bindura, a ku Chegutu, ena mpaka a ku Joni, ankalemba kuti Munira wawaliza, mayi ameneyu Mulungu anamupatsa mphatso. Wonder ankamutumizira mauthengawo amodzi amodzi. Selestina anawawerenga onse. Anali atalakalaka mawu oterowo kuyambira tsiku limene anasiya yunifolomu, ndipo tsopano anabwera atalembedwa dzina lake, koma sanali ake.

Amayi Emelia anamva gawolo tsiku lotsatira ali pakhonde, kuchokera m'thumba la mtsikana wina amene ankadutsa ndi ndowa. Anamuitana kuti aime. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti apite. Anayamba kudziphikira okha pa kamoto kawo kuseri kwa nyumba, ndipo Rudo akawayandikira ankamuuza mofatsa kuti apite kwa mayi wake.

Mizere yatsopano inafika ndi uthenga wosangalala. Anthu akufuna kulira kwina ngati kuja, Wonder anatero, ndiye m'gawo lotsatira Munira apita kumanda a Bakari. Selestina anakwera kombi ndi Rudo kupita kwa azakhali ake ku Marondera, n'kujambula m'chipinda chawo chapakati iwo ali kumsika, atatseka mazenera ndi mapilo. Analira mpaka mawu anasasa. Anaganizira Gray, anaganizira mayi ake omubereka, anaganizira ngakhale zimene mayi sayenera kuganizira. Wonder anamvera n'kunena kuti ndi zabwino, koma si mawu aja. Anthu adzadziwa kuti si Munira yemweyo. Kenako anafunsa, ngati akufunsa za nyengo, ngati agogo aja sangathandizeko pang'ono.

Atabwerera, anapeza apongozi ake pakhonde akusadzula nkhwani. Anatula Rudo, n'kugwada chapatali monga mwa masiku onse. Foni inali m'chitenje, pachiuno. Panjira yonse anali atakonza mawu owapempha, koma pakhondepo anamuthawa. Amayi Emelia ndiwo anayamba, maso ali pa nkhwani.

"Chili m'chitenjecho chayaka?"

"Ayi, amayi."

"Koma mwabwerera kulira kwina."

Selestina anagwira foni m'chitenje.

"Musavutike, amake Rudo. Maenje aja sanasiye kugwa. Tsiku limene adzabwere naye m'bulangete, mudzaime pafupi ndi ine, mudzayatse. Lero ndilibe."

Anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Selestina analembera Wonder kuti agogo akana. Wonder anati wamva, palibe vuto, aona chochita. Mizere ina sinabwerenso.

Gawo lotsatira linamveka m'shedi pa foni ya munthu wina, poti Safia anali atasiya kutsegula masewerowo. Munira anayankhula ndi lilime la ku Chitungwiza, mawu oyera bwino a pa maikolofoni, akupunthwa pa Chichewa mzere uliwonse. Akazi ena anamuyang'ana Selestina m'mbali. Atafika kumanda a Bakari, mtsikanayo sanalire. Wonder anali nacho kale chojambula chija pa laputopu yake. Anangosintha mvula n'kuika mbalame, ndipo amayi Emelia anayambanso kuitana Yesaya ndi Anesi kuti adzuke.

A Estevao anadutsa n'kunena kuti manja asaime, fodya sadikira sewero. Selestina anatola masamba ena n'kupitiriza kusoka.